Za Namwali Woimba wa ku Piet Retief, ndi za Iwo Okwirira Mphatso

Pali mau atatu amene timawamva kawirikawiri m'midzi mwathu, pakhomo pa tchalitchi ndi pabwalo pomwe, pamene mwana wamkazi aonetsa luso la kuimba, napempha kuti apitirire ndi sukulu. Ena ati, Mau abwino ndiwo mphatso ya chibadwire, safuna mphunzitsi. Ena ati, Nyimbo za m'mabuku nza Azungu, mwana wathu adzataya nazo mtundu wake. Ndipo enanso ati, Mkazi woimba pamaso pa khamu sachedwa kuonongeka, akwatiwe msanga. Mau atatu awa ife tiwayesa olakwa onse, ndipo mwezi uno tifuna kutsutsana nawo poyera. Mboni yathu ndiye Pretty Yende, mwana wa ku South Africa, amene mau ake amveka m'nyumba zazikulu za nyimbo za ku Ulaya ndi ku America.

Poyamba tilongosole ntchito yake, pakuti ambiri a ife sitinaione. Opera ndilo sewero limene nkhani yake aiimba m'malo mwa kuilankhula, ndipo linayamba ku Italy cha m'ma 1600. Oimba avala zovala za anthu a m'nkhaniyo, nayendayenda pansanja. Ndipo patsogolo pao, cha m'munsi, pakhala gulu la oimba zingwe, zitoliro, malipenga ndi ng'oma, anthu makumi angapo. Woimbayo alibe chokuzira mau pakamwa pake. Mau ake okha ayenera kupitirira phokoso la gulu lonselo, ndi kufika kwa munthu wokhala pampando wotsiriza. Nyumba ya Metropolitan Opera ku New York ili nayo mipando ngati 3,800. Pretty Yende aimba mau a soprano, omwe aja okwera amene atsikana athu atsogolera nawo nyimbo m'kwaya tsiku Lamulungu.

Iye anabadwa m'chaka cha 1985 ku Piet Retief, tauni yaing'ono kufupi ndi malire a dziko la Aswazi. Nyimbo zake zoyamba anaziphunzira monga aziphunzirira ana athu, kunyumba ndi kutchalitchi, pakamwa pa agogo ake aakazi. M'chaka cha 2001, ali ndi zaka 16, anamva pa wailesi ya kanema akazi awiri alikuimba pa chilengezo cha malonda cha kampani ya ndege ya British Airways. Nyimboyo inali ya m'sewero la Lakmé, limene analipeka Léo Delibes wa ku France. Namwaliyo anazizwa kwambiri, napita kwa mphunzitsi wake wa kusekondale kukafunsa kuti chimenechi nchiyani; ndipo mphunzitsiyo anamuuza dzina lake, namlowetsa m'kwaya ya sukulu.

Tsono inu amene muti mphatso siifuna mphunzitsi, tawerengani zaka pamodzi nafe. Atatha sekondale anapita ku Cape Town, ku sukulu ya nyimbo ya yunivesite ya kumeneko, nakhala pansi pa Virginia Davids zaka zingapo. M'chaka cha 2009 anapambana mpikisano wa Belvedere ku Vienna. Wina akadati, Ndafika. Koma iye analowanso sukulu, ku Milan, m'sukulu ya nyumba yomveka ya La Scala. M'chaka cha 2011 anapambana mpikisano wa Operalia ku Moscow, umene anauyambitsa woimba wotchuka Plácido Domingo. Ndipo anafika pansanja ya ku New York m'chaka cha 2013. Kuchokera 2001 kufikira 2013 ndizo zaka 12.

Nanga anaphunzira chiyani zaka zonsezo, popeza mau anali nawo kale? Anaphunzira kukoka mpweya ndi mimba ndi nthiti, ndi kuutulutsa pang'onopang'ono, kuti mau asanjenjemere kapena kuduka pakati. Anaphunzira kukweza mau kosafinya kholingo, pakuti wofuula ndi mphamvu chabe asasa mau asanafike pakati pa sewero. Anaphunzira kuwerenga zizindikiro za nyimbo monga ife tiwerenga kalata, ndi kutchula bwino Chitaliyana ndi Chifalansa, ndi kuloweza pamtima sewero la maora awiri kapena atatu.

Phindu la zimenezi linaoneka m'mwezi wa January 2013. Woimba wina atadwala, a ku Metropolitan Opera anaitana Pretty Yende kutatsala masabata owerengeka okha, kuti adzaimbe gawo la Adèle m'sewero la Rossini lotchedwa Le comte Ory, m'Chifalansa, gawo limene sanaliimbepo kale. Analiphunzira m'masiku ochepawo. Ndipo usiku woyamba, asanatulutse liu limodzi, anaphunthwa nagwa pamaso pa khamu lonse. Anadzuka, naimba kufikira kumapeto, ndipo anthu anamuombera m'manja kwambiri. Chinamdzutsa nchiyani? Mphatso yokha ikadathawa ndi manyazi. Chinamchirikiza ndicho chizolowezi cha zaka 12, pakuti chimene munthu achibwereza tsiku ndi tsiku sichimtaya pa ora la mantha. Inu alimi mudziwa kuti dimba lachonde likapanda kupaliridwa libala udzu wautali woposa wa m'munda wa mchenga.

Tidze kwa inu amene muti nyimbo zimenezi nza Azungu. Kodi mudziwa amene anayamba kunena mau amenewo? Ndiwo atsankho amene anatsekera anthu akuda kunja. Nyumba ya opera ya ku Cape Town, pamene anaitsegula m'chaka cha 1971, inali ya Azungu okha. Ku America, m'chaka cha 1939, eni a nyumba ina yaikulu ya nyimbo ku Washington anamkaniza Marian Anderson kuimbamo chifukwa cha khungu lake, ndipo iye anaimbira pabwalo pamaso pa anthu ngati 75,000. Kunali kufikira 1955 pamene mayi yemweyo anakhala munthu wakuda woyamba kuimba gawo lalikulu ku Metropolitan Opera. Makomo amenewo anatseguka ndi misozi. Ndipo nchomvetsa chisoni kuti ife eni ake tilikuwatsekanso ndi pakamwa pathu.

Ndiponso do, re, mi amene timaimba nawo m'makwaya athu anachokera kuti? Njira imeneyo anaifalitsa mbusa John Curwen wa ku England m'zaka za m'ma 1800, ndipo amishoni anadza nayo ku sukulu za ku South Africa ndi za kuno komwe. Enoch Sontonga, mphunzitsi wa sukulu ya mishoni kufupi ndi Johannesburg, anaphunzira njira yomweyo, ndipo m'chaka cha 1897 anapeka Nkosi Sikelel' iAfrika. Lero nyimbo za fuko za Zambia ndi Tanzania ziimbidwa pa maimbidwe ake. Kodi Sontonga anataya mtundu wake pophunzira do, re, mi? Iai ndithu, anaupatsa liu. Chomwecho dziko la South Africa silinamuyesa Pretty Yende wotayika, koma linampatsa ulemu wa Order of Ikhamanga m'chaka cha 2013. Ndipo pa 6 May 2023, polonga ufumu Mfumu Charles III ku Westminster Abbey, anaimirira yekha naimba, mwana wa mu Afrika. Sali yekhanso panjirayo: mng'ono wake Nombulelo aimba opera, ndipo Masabane Cecilia Rangwanasha wa ku Limpopo analandira mphotho pa mpikisano waukulu wa ku Cardiff m'chaka cha 2021. Sitinena kuti ana athu anyoze nyimbo za pamtondo ndi za m'nthano za agogo ao. Wozinyoza ali wopusa. Tinena kuti mutu umodzi ukhoza kusunga zonse ziwiri, monga usunga Chichewa ndi Chingerezi.

Mau achitatu ndiwo olemera koposa, ndipo sitiwapeputsa, pakuti atuluka m'mitima ya makolo okonda ana ao. Inde, akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nkhani zambiri za opera zinena za chigololo, nsanje ndi kuphana. La traviata, limene Pretty Yende analiimba ku Paris m'chaka cha 2019, linena za mkazi wa moyo wachitayiko amene pomaliza afa ndi chifuwa chachikulu. Ndipo woimba wotere akhala paulendo miyezi yambiri, kutali ndi abale ndi mpingo wake. Zonsezi tivomera. Koma mnyamata amene avala chisoti cha Herode m'sewero la pa Khirisimasi kodi asanduka wakupha makanda? Chimene chisunga munthu m'mizinda yakutali ndiwo mwambo ndi kuopa Mulungu zimene anaziyamwa pakhomo pa amake, pakuti m'mera mpoyamba. Ndipo tchimo silidikira ndege kuti lifike m'mudzi; lilimo kale, pamowa ndi panjira ya kuchitsime. Nanga ukwati wa msanga umene muuyesa mpanda, usunga chiyani? Mwana wa zaka 15 alowa m'zoopsa za uchembere thupi lake lisanakhwime, nakhala wosatha kuwerenga ngakhale pepala la mankhwala a khanda lake. Dziko la Malawi linakonza malamulo ake aakulu m'chaka cha 2017 kuti asakwatiwe munthu wosafika zaka 18. Kodi Akhristu adzatsalira m'mbuyo mwa boma pa chifundo?

Mukumbukira fanizo la matalente pa Mateyu 25. Kapolo amene anatsutsidwa sanabe ndalama ya mbuye wake, sanaimwere mowa. Anachita mantha chabe, naikwirira pansi. Mantha omwewo ndiwo ali pansi pa mau atatu aja. Koma taonani chimene unachita mpingo wina. Marian Anderson uja anali mwana wa banja losauka, atate wake atamwalira iye akali wamng'ono, ndipo anaimba m'kwaya ya Union Baptist Church ku Philadelphia. Akhristu a mpingo umenewo anasonkha ndalama zao, namlipirira mphunzitsi wa kuimba. Sanadziwe za 1939 kapena za 1955. Anaona mwana wa mnzao ali ndi mphatso, namuyesa wao yemwe.

Tisamlemekeze Pretty Yende chifukwa mfumu inamvera mau ake, pakuti mtengo wake pamaso pa Mlengi unali womwewo pamene anali kuimirira m'mzere wa kwaya ya sukulu, osadziwika ndi munthu. Ndiponso sitilonjeza kuti mtsikana ali yense wa mau okoma adzafika ku Milan. Ofikako ndi owerengeka. Ambiri adzakhala aphunzitsi, anamwino, amayi odziwa kuwerengera ana ao Buku, ndi otsogolera nyimbo m'mipingo yathu, ndipo zimenezi si zazing'ono.

Potero tipempha zinthu zitatu. Otsogolera makwaya apatule ora limodzi pakati pa sabata la kuphunzitsa do, re, mi ndi kapumidwe, aleke kungoloweza ana nyimbo ndi khutu ndi kuwauza kuti afuule. Akulu a mpingo, pa msonkhano wao wa mwezi uno, alembe maina a atsikana amene aleka sukulu chifukwa cha kusowa ndalama, ndipo pa nthawi ya masika banja liri lonse lipereke dengu la chimanga kapena la mtedza pa ntchito imeneyi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu atate, amayi ndi amalume, akadza munthu kudzafunsira mbeta mwana amene akali pasukulu, mumuuze kuti adikire mwanayo atsirize.