Malungo sanapezeke, nanga chikumudya mwanayu n'chiyani?

Mwana wa Fomu 3 akapita kuchipatala akudandaula mutu, kuphwanya m'thupi ndi kusowa tulo, amamubaya chala kuyeza malungo. Akapanda kupezeka, amalandira panado n'kubwerera kwawo. Sabata yotsatira wabweranso. Ife aphunzitsi timati ndi ulesi, makolo amati wayamba mwano, ena amafulumira kunena kuti walodzedwa. Koma nthawi zina amakhala matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika.

Bungwe la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo. Kalasi yanga kumudzi kuno ili ndi ana oposa 70. Werengani nokha.

Ndipo si zakumudzi kokha. Pa tchuthi ndimakhala kwa achemwali anga ku Nkolokosa, kumene phiri la Soche limaoneka tsiku lililonse. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope kuchokera m'phiri lomwelo n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ana amene anataya makolo ndi anzawo lero akukonzekera mayeso a MANEB. Chimanga ndi mabulangete analandira. Anawafunsa ndani za mumtima?

Pempho langa silofuna ndalama zambiri. Pa zipatala zing'onozing'ono monga cha Zingwangwa ndi cha Limbe, namwino kapena dokotala amene akuona wachinyamata amufunse mafunso awiri, kholo litatuluka kaye panja. Pa masabata awiri apitawa, kodi wasiya kusangalala ndi zinthu zimene umakonda? Kodi wakhala wokhumudwa kapena wopanda chiyembekezo? Akavomera, afunsidwe zambiri, ngakhale za maganizo odzipha. Kufunsa sikum'patsa mwana maganizo amenewo, monga ambiri timaopera.

Ena adzati mzere ndi wautali, madokotala a maganizo ndi ochepa. Zoona. Koma ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo ntchitoyo, yotchedwa Friendship Bench, inathandiza ambiri. Si mwana aliyense wofunika kupita ku Zomba Mental Hospital. Amene zam'kulira angatumizidwe ku Gulupu, m'tauni momwemo.

Makolo anzanga, mwana akasiya kudya, kusamba kapena kucheza ndi anzake kwa masabata, mukapita naye kuchipatala nenani zimenezo, osati za mutu zokha. Mwanayo angathenso kuimba yekha 116, nambala yaulere ya Tithandizane ya bungwe la YONECO.