Chikwangwani chikagwa, dzina limatsala ndi yani?

Mufoni mwanga muli zithunzi zoposa 200 zimene anzanga amati n'zopanda ntchito. Mulibe nkhope yanga, mulibe nyanja, mulibe phwando. Muli zikwangwani zokhazokha, zija zimaima m'mbali mwa msewu kukuuzani kuti mwafika pakutipakuti. Zina n'zachitsulo, zina n'zasimenti, zina ndi thabwa chabe lokhomedwa pamtengo wa mango. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi kuno ku Zomba ataziona anaseka mpaka misozi. "Aise, anzako akujambula zinthu zooneka, iwe ukulimbana ndi malata adzimbiri?" Ndinaseka naye, koma sindinafufute ngakhale chimodzi. Lero ndikufuna ndinene chifukwa chake, komanso chifukwa chimene ndikuganizira kuti ambiri a ife tiyenera kuyamba kuchita zomwezi.

Zinayamba ndi mkangano wa pabanja. Kwa agogo anga akuchikazi kuli kamsika kakang'ono m'mbali mwa msewu, ndipo tili ana pankakhala chikwangwani cholembedwa pamanja ndi bambo wina wa m'mudzi momwemo. Chinali ndi mawu akuti "Takulandirani", dzina la malowo, ndi chithunzi cha dengu la mbatata. Tikachiona pawindo la minibasi tinkadziwa kuti ulendo watha, tiyambe kufunafuna nsapato pansi pa mpando. Nditapitako patchuthi cha chaka changa choyamba ku yunivesite, chinalibepo. Madzulo ake ndinafunsa amalume kuti chinapita kuti. Iwo anati sakudziwa, kenako tinayamba kutsutsana za mtundu wake. Iwo amati chinali chobiriwira, ine ndimati chinali chabuluu. Tinavundukula chikwama cha zithunzi cha agogo. Munali zaukwati, zaubatizo, zamaliro, koma cha chikwangwanicho munalibe. Chinthu chimene chinaima pamenepo zaka zambiri, chimene aliyense wa pabanja pathu ankachidziwa, chinatha ngati sichinakhalepo. Pobwerera kusukulu ndinapempha mpando wa pawindo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinasiye.

Amene mumayenda msewu wochoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mukudziwa mayina amene kondakitala amakuwa: Domasi, Malosa, Liwonde, Balaka, Chingeni, Nsipe, Kampepuza, Ntcheu, Lizulu, Bembeke, Dedza, Chimbiya, Nathenje. Timawamva kawirikawiri mpaka timayesa kuti anakhalapo chikhalire ndipo sadzasintha. Koma mbiri ya dziko lathu ikutiuza zina. Mangochi ankatchedwa Fort Johnston. Nsanje anali Port Herald, Chitipa anali Fort Hill, Mchinji anali Fort Manning. Mayina amenewa anasinthidwa titalandira ufulu wodzilamulira mu 1964. Ena sanasinthe kwenikweni koma anakonzedwa kalembedwe: Cholo anakhala Thyolo, Mlanje anakhala Mulanje, Kota Kota anakhala Nkhotakota, Ncheu anakhala Ntcheu. Mpaka lero ena amalemba Chikwawa, ena Chikhwawa. Malire nawonso amasuntha. Balaka ndi Phalombe anakhala maboma paokha mu 1998, Neno mu 2003. Kusintha kulikonse kotere kunafuna kuti munthu wina atenge penti, afute dzina lakale, alembe latsopano. Ndimadzifunsa kuti, kodi tsiku limene anachotsa chikwangwani cha Port Herald analipo amene anachijambula? Akanakhalapo, chithunzi chimenecho bwenzi lero tikuchiphunzira m'kalasi.

Zithunzi zakale za dziko lino, zimene zimasungidwa ku National Archives kuno ku Zomba kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mumzinda wa Blantyre, zambiri anajambula ndi amishoni ndi akuluakulu a boma la atsamunda. Iwowo ndiwo anali ndi makamera, choncho tinasungiridwa zimene iwowo anaona kuti n'zofunika. Lero kamera ili m'thumba mwa mwana wasukulu, wakabaza ndi mayi wogulitsa mandasi. Tilibenso chowiringula. Ngati adzukulu athu adzasowe chithunzi cha mmene Kampepuza ankaonekera m'zaka zino, mlandu udzakhala wathu.

Nditajambula zikwangwani zambiri ndinayamba kuona zinthu zimene poyamba sindinkaziona. Choyamba ndi chilankhulo. Zikwangwani zambiri zokulandirani m'tauni kapena m'boma zili m'Chingelezi. Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, koma pakhomo lolowera m'matauni athu ambiri chimasowa. Ukapita kumpoto suyembekezera kuona moni wa Chitumbuka, ku Mangochi ndi ku Machinga suona wa Chiyao, ku Nsanje suona wa Chisena. Ndiye tikulandira yani? Anthu amene amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku ndi amayi opita kuchipatala, alimi opita kukagula feteleza, ana asukulu ngati ine. Mlendo wa kunja amadutsa mwa apo ndi apo, ndipo ndikukhulupirira kuti naye akanakonda kuona mawu a eni dera pamwamba, Chingelezi pansi pake. Sindikunena kuti Chingelezi chichoke. Ndikunena kuti pakhomo pako umayamba kupereka moni m'chilankhulo chako.

Chachiwiri ndi mwini chikwangwani. Pa zambiri zimene ndajambula, dzina la malo ndi laling'ono kuposa dzina la amene analipira penti. Makampani, mabanki ndi mabungwe amaika mtundu wawo ndi chizindikiro chawo chachikulu, dzina la tauni n'kukhala kamzere kapansi. Ena anganene kuti bola iwowo anaikako, khonsolo ikanangokhala. Ndi zoona, ndipo sindikuwanyoza. Koma taganizirani mutafika pakhomo pa munthu n'kupeza kuti pachitseko palembedwa dzina la amene anamukongoza ndalama ya malata, lake lili pakona. Mungaphunzirepo kanthu za mmene banjalo likuyendera. N'chimodzimodzi ndi matauni athu. Palinso zikwangwani za mapulojekiti, zokhala ndi zaka zoyambira ndi zothera, zimene zimaimabe pulojekitiyo itatha kalekale, mjigo wake utafa. M'midzi ina chikwangwani chokhacho chotchula dzina la mudzi ndi chimenecho. Chithunzi chake ndi umboni wa lonjezo, ndipo munthu angathe kupita nacho kumsonkhano wa chitukuko n'kufunsa kuti zinatha bwanji.

Chachitatu ndi malo amene alibiretu chikwangwani. Awa ndi ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Ukafuna kudziwa pamene uli umayang'ana pakhoma la golosale, pa chigayo, pa sukulu ya pulaimale kapena pa tchalitchi. Nthawi zina pamakhala mapaipi awiri oima okha, chitsulo chapakati palibe. Tonse tikudziwa kumene chimapita. A Roads Authority akhala akudandaula za kubedwa kwa zikwangwani za pamsewu, ndipo zimamveka kuti zina zimathera kwa osula mbaula ndi ziwiya zina. Kuba n'koipa, ndipo kuchotsa chikwangwani chochenjeza pakona n'kuika miyoyo ya anthu pachiswe. Komabe mapaipi awiri aja nawonso ndimawajambula. Amanena zoona za nthawi yathu ino: kuti umphawi wafika poti chitsulo chili ndi mtengo kuposa dzina lolembedwapo.

Pa malo onse, amene amandisangalatsa kwambiri ndi Lizulu. Pamenepo msewu wa M1 ukuyenda m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique. Ukatsika kukagula kabichi, tomato kapena mbatata ya kachewere, ungathe kuwoloka msewu n'kupezeka uli m'dziko lina osadziwa. Anthu a mbali zonse ziwiri amalankhula chilankhulo chimodzi, amakwatirana, amaikana maliro. Chimene chimakukumbutsa kuti pali malire ndi zolembalemba, ukaona mawu a Chipwitikizi pakhoma. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kuti chikwangwani chimanena zimene boma likufuna kuti udziwe, pamene anthu okhala pansi pake ali ndi nkhani yawoyawo. Ku Mangochi nakonso, alendo amati akupita ku Cape Maclear, dzina limene David Livingstone anapereka pokumbukira mnzake Thomas Maclear, koma eni ake amati ndi kwa Chembe. Wojambula wabwino amasunga mayina onse awiri.

Tsopano ndiyankhe zimene anzanga amanditsutsa nazo, chifukwa zina mwa izo n'zomveka. Ena amati zimenezi n'zachizungu, masewera a anthu okhuta. Dziko lili pamavuto a mafuta, a ndalama zakunja, a njala, iwe ukutaya nthawi ndi zikwangwani? Yankho langa ndi lakuti sindinakwerepo galimoto n'cholinga chongokajambula. Ndimajambula paulendo umene ndikanayenda kale, ndi foni imene ndili nayo kale. Ndipo mavuto amenewo ndi amene akuchititsa kuti ntchitoyi ikhale yachangu. Namondwe wa Freddy atawomba m'mwezi wa Marichi 2023, midzi ina ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu inakokoloka, otsala n'kusamutsidwira kwina. Kwa mwana amene adzakulire kumalo atsopano, chithunzi cha chikwangwani cha sukulu kapena msika wa kwawo kwakale sichidzakhala masewera.

Ena amati ndikuonetsa dziko lathu moipa, popeza zikwangwani zambiri n'zadzimbiri, zopindika, zina zolakwika kalembedwe. Apa ndiye ndimasamala kwambiri. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda zithunzi za zikwangwani zolakwika Chingelezi, anthu n'kumaseka. Ine zimenezo sindichita nawo. Amene analemba ndi mmisiri amene mwina sukulu anailekeza panjira chifukwa cha fizi, koma ali ndi dzanja lowongoka kuposa ambiri a ife a madigiri. Luso lolemba pamanja likuchepa chifukwa cha zikwangwani zosindikiza pamakina, zimene zimafanana kulikonse ndipo zimasuluka ndi dzuwa msanga. Ndikajambula ntchito ya mmisiri wotere ndimafuna kuisunga, ndipo ndikaona dzina lake pakona ndimaonetsetsa kuti lalowa m'chithunzi.

Chotsutsa chachitatu ndi chimene ndimachivomereza kwathunthu: kujambula pamalo pamene sakukudziwa kungakuike m'mavuto. Tsiku lina ndinatulutsa foni pafupi ndi rodibuloko ina, wapolisi n'kundiitana. "Achimwene, mukujambula chiyani pamenepa?" Ndinafotokoza, ndinawaonetsa zithunzi zina, koma anandiuza kuti ndifufute chimenecho, ndipo ndinafufuta. Sindinawaone kulakwa. Pafupi ndi apolisi, asilikali kapena pachipata cha m'malire, foni izikhala m'thumba. Kumudzi nako tisaiwale zimene zinachitika mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo, anthu osalakwa n'kuphedwa chifukwa chokayikiridwa. Mlendo woima yekha pamsewu, akuloza foni uku ndi uku osalankhula ndi munthu, amadzetsa mafunso. Safunsa anadya phula.

Koma vuto limeneli ndi limene linandiphunzitsa mbali yokoma ya ntchito yonseyi. Minibasi ikaima nthawi yokwanira, ndimatsika, ndimagula nthochi kapena chimanga chootcha, ndimapereka moni, kenako ndimapempha. "Amayi, ndingajambule nawo chikwangwanichi? Ndine mwana wasukulu, ndimasunga mayina a malo." Sanandikanizepo. Kawirikawiri amandifunsa kwathu, kenako amayamba kundiuza chiyambi cha dzinalo. Wina amati linachokera kwa mfumu, wina kumtsinje, wina kumtengo umene unadulidwa kale. Nthawi zina awiri amatsutsana pomwepo, ine n'kulemba zonse ziwiri. Dzina ngati Dyeratu, ku Chikwawa kuja, ungalidutse bwanji osafuna kudziwa kuti anayamba kulitchula ndani, ndipo kutsogoloko kunali chiyani choti munthu adyeretu? Chithunzi chimangokhala poyambira macheza, ndipo nkhani zimene ndalemba m'kope mwanga tsopano ndi zambiri kuposa zithunzizo.

Choncho pempho langa kwa inu anzanga amene mukupita kutchuthi ndi ili. Jambulani chikwangwani cha kwanu, ndi cha malo awiri kapena atatu amene mudutse. Chijambuleni chonse, ndi zimene zachizungulira, kuti msika, mitengo ndi nyumba zionekenso. Lembani tsiku ndi dzina la msewu. Musajambule nkhope ya munthu musanapemphe. Musauze dalaivala kuti aime pakona kapena pamlatho chifukwa cha chithunzi, moyo ndi wofunika kuposa pamenepo. Funsani wachikulire mmodzi tanthauzo la dzinalo. Ndipo musasunge mufoni mokha, chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi. Tumizani ku imelo yanu kapena tsukitsani zingapo. Ngati kwanu kulibe chikwangwani, funsani amfumu kapena akomiti ya msika chifukwa chake. Thabwa limodzi, kachitini ka penti ndi mmisiri wa pamsika pomwepo n'zokwanira, ndipo moni wake mukhoza kuulemba m'chilankhulo chanu.

Mwezi watha amalume anandiimbira foni. Akuti achinyamata a kwa agogo asonkherana ndalama kuti aikenso chikwangwani pamalo pomwe panali chakale chija, ndipo amafuna ndiwatumizire zithunzi zingapo kuti aonere. Ndinatumiza khumi, zonse zolembedwa pamanja. Za mtundu sitinagwirizanebe. Iwo akuumirira wobiriwira, ndipo popeza ndi amalume, ndawasiyira. Chikadzaima ndidzapita kukachijambula, n'kulemba tsiku lake kuseri kwa chithunzicho, kenako n'kuchiika m'chikwama cha agogo chija.