Bezi yobwereketsa isamayende m'chikwama cha banyira

Nyengo ya maukwati ikafika, zida zoimbira sizigona pakhomo. Lachisanu madzulo zili ku chinkhoswe, Loweruka ku ukwati, Lamulungu m'mawa ku tchalitchi. Amene mumabwereketsa zidazi mukudziwa mmene anyamata amapakirira pa lole: masipika pansi, amplifaya pambali, jenereta pakona, ndiye gitala ya bezi amaiponya pamwamba pomaliza, ili m'kachikwama kansalu kamene munapatsidwa ngati banyira tsiku logula. Lole ikalowa m'dzenje, sipika imasuntha, bezi n'kukhala pansi pake.

Ambiri amaona ngati kusankha pakati pa bokosi lolimba ndi chikwama chofewa ndi nkhani ya oimba. Kwa inu amene bezi imakubweretserani ndalama, kaya poibwereketsa kapena poigulitsa, ndi nkhani ya mpamba. Maganizo anga ndi akuti musayambe ndi kufunsa mtengo. Yambani ndi kufunsa kuti beziyo aziinyamula ndani. Ngati izikhala kumsana kwa mwini wake ulendo wonse, chikwama chabwino chikwana, ndipo nthawi zambiri ndicho choyenera. Ngati izidutsa m'manja mwa kondakitala, anyamata opakira katundu kapena woimba amene sanatayepo ndalama yake, iyenera kulowa m'bokosi.

Bezi ndi chida chachitali, ndipo vuto lake lagona pamenepo. Kuyambira mu 1951 pamene kampani ya Fender inatulutsa Precision Bass, muyeso umene opanga ambiri amatsata ndi mainchesi 34, pafupifupi masentimita 86, pa gawo la nsambo limene limalira. Mukaphatikiza mutu ndi thupi, chida chonse chimafika cha m'ma masentimita 115, pomwe gitala wamba ya nsambo zisanu ndi imodzi imathera cha pa mita imodzi. Kulemera kwake ndi cha m'ma makilogalamu anayi. Ndiye nsambo zinayi zija, zikakhala zochunidwa, zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 60 usana ndi usiku, n'chifukwa chake m'kati mwa khosi muli chitsulo cholimbana ndi kukokako. Mtengo wautali, wowonda, wokokedwa kale chotere sufuna kuupsinja ndi sipika.

Koma si kawirikawiri khosi kuthyoka pakati. Zimene zimawonongeka msanga ndi tinthu ting'onoting'ono totuluka kunja. Makiyi ochunira a bezi ndi aakulu, amatuluka ngati makutu, ndipo akagunda pachitsulo amapindika kapena kuthyoka. Timabatani tokwezera mawu timazuka. Pa mabezi opangidwa motsanzira Precision, bowo losomekapo chingwe lili pa pulasitiki ya pamwamba, moti likapsinjika pulasitikiyo imang'aluka, mawaya n'kuduka m'kati. Onaninso mutu wa bezi yanu: ngati unapendekera kumbuyo, monga zilili pa mabezi ambiri a Ibanez ndi Gibson, ndiwo umayamba kugunda pansi chida chikagwa chagada. Khosi lomangidwa ndi masikuluwu, ngati la Fender ndi Squier, likhoza kuchotsedwa n'kuikapo lina. Lomatidwa ndi guluu, kapena lodutsa m'thupi lonse, likathyoka ndiye ntchito ya mmisiri weniweni.

Tinthu timeneti timachokera kunja. Kiyi imodzi yofanana ndi zinzake mukhoza kuzungulira mu Limbe tsiku lonse osaipeza, n'kudikira munthu wopita ku Johannesburg. Ndipo chichokereni kugwetsedwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense woitanitsa katundu akudziwa kuti chimene unagula chaka chatha sungachigulenso pa mtengo womwewo. Bezi imene muli nayo ndi yamtengo wapatali lero kuposa tsiku limene munaigula, ngakhale yakalamba.

Ndikudziwa yankho la ambiri: bezi ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito, bokosi lake likufuna kufika theka la mtengo wake, nzeru zake zili pati? Werengerani mwa njira ina. Tingoyerekeza kuti mumabwereketsa bezi pa K20,000 pa tsiku ndipo bokosi mwalipeza pa K120,000. Ndi maulendo asanu ndi umodzi okha, ndipo bokosilo likhoza kukhala zaka zambiri. Tsopano yerekezani bezi yabwera Lachisanu usiku kiyi itathyoka, Loweruka muli ndi ukwati umene munalandira kale chikole. Mutaya ndalama yokonzetsera, mutaya ndalama yokabwereka bezi kwa mnzanu, ndipo a komiti ya ukwati akakhumudwa amakauza makomiti ena. Pa bizinesi yobwereketsa, dzina limayenda ndi anthu omwewo amene amakhala m'makomiti a maukwati atatu chaka chimodzi.

Bokosi limachepetsanso mikangano. Chida chikatuluka m'chikwama chofewa n'kubwera chowonongeka, wobwereka amati ndi msewu, dalaivala amati ndi opakira. Chikatuluka m'bokosi lotseka bwino, inu mutachijambula pa foni wobwerekayo akuona, palibe amene anganamizire dzenje. Lembani dzina la bizinesi ndi nambala yanu ndi penti pamwamba pa bokosilo. Pa holo pakakhala magulu awiri, katundu amasokonekera.

Kwa woimba wonyamula bezi yake, nkhani imatembenuka. Bokosi la makona anayi limapitirira masentimita 120 m'litali, limalemera ngati bezi yomweyo kapena kuposa, ndipo lili ndi chogwirira chimodzi. Yesani kukwera nalo kabaza. M'minibasi kondakitala akuuzani kulipira mpando wina, apo ayi alimangirira kumbuyo ndi chingwe pamodzi ndi matumba a makala, chitseko chosatseka. Chikwama mumabereka, manja onse ali omasuka, ndipo m'minibasi mumachiimika pakati pa miyendo. Ndaonapo oimba ali ndi bokosi labwino kunyumba koma bezi akuyenda nayo yamaliseche paphewa chifukwa bokosilo lawatopetsa. Chenjezo limodzi lokha: bezi ikakhala kumsana, mutu wake umapitirira wanu, ndipo pakhomo lalifupi ndiwo umayamba kugunda.

Mdani wanga weniweni ndi kachikwama ka banyira kaja. Kamateteza fumbi basi, koma kamapatsa munthu mtima woti chida chake chatetezedwa, ndiye amachisiya paliponse. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsinani khoma la chikwama ndi zala ziwiri. Zala zikamvana, chimenecho ndi chovala chabe. Chikwama choyenera chimakhala ndi siponji yokhuthala mamilimita 20 kapena kuposerapo, yosaphwa msanga ukaifinya, kamtsamiro ndi kalamba kogwira khosi kuti mutu usagunde pansi, ndi chigamba cholimba kumunsi pamene pamakhala kachitsulo kokolowekapo lamba. Kachitsulo kameneka ndiko kamabowola zikwama zambiri, ndipo chida chikagwetsedwa choimirira kamalowa m'thabwa. Suzumirani m'kati cha kumutu ngati muli nsalu yolimba, chifukwa nsonga za nsambo zimang'amba nsalu yofewa pa miyezi yochepa. Zipi ikhale ya mano akuluakulu, ndipo malamba akumsana asokedwe mobwereza. Lamba akaduka muli pa njinga, palibe siponji imene ingathandize.

Apa pali mwayi wa atelala ndi osoka matenti. Chikwama cha bezi si chovuta kusoka kuposa chikwama cha ulendo, bola mukhale ndi bezi yeniyeni yoyezera. Cholakwika chimene chimachitika ndi kuikamo siponji ya matiresi: imaoneka yonenepa koma imaphwa yonse ikapsinjika, ndiponso imamwa madzi. Yolimba ija yofanana ndi ya masilipasi ndiyo imagwira ntchito, ndipo yofewa ikhoza kubwera pamwamba pake m'kati. Akalipentala nawonso akhoza kukhoma bokosi la pulayiwudi pa mtengo wotsika kuposa lochokera kunja. Lidzalemera, koma kwa obwereketsa zida zoyenda pa lole kulemera si vuto. Chofunika ndi m'kati. Bezi isagwedezeke, khosi ligone pa chotsamira, ndipo mutu ulendewere osakhudza thabwa mbali iliyonse. Bokosi limene bezi ikuyendayenda m'kati mwake limaiwononga lokha. Mukalitseka, ligwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva kugogoda, ntchito sinathe.

Mvula ndi dzuwa sizisankha. Kuyambira Novembala mpaka Epulo chikwama chimanyowa, ndipo chikauma pang'onopang'ono chili ndi bezi m'kati, nsambo ndi masikuluwu zimachita dzimbiri. Bokosi limateteza mvula ya mphindi zochepa, koma chinyezi chikalowa sichituluka, ndipo nsalu ya m'kati imachita chuku. Mukachoka ku mwambo wa mvula, tsegulani zonse ziume pamthunzi. Timapaketi touma tija timene timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano timayamwa chinyezi, ndipo ogulitsa nsapato amangotitaya. Apempheni, muponyemo tingapo. Za dzuwa, bokosi lakuda losiyidwa m'galimoto yotseka mu Okutobala ku Chikwawa limangochedwetsa kutentha, silikuletsa.

Inu ogulitsa zida m'mashopu ndi m'misika, langizo langa ndi lakuti pa shelefu pazikhala zikwama zabwino, mabokosi muziitanitsa munthu akapereka chikole. Zikwama zimapindika, zambiri zimalowa m'thumba limodzi, ndipo ogula ake ndi ochuluka chifukwa oimba ambiri amayenda pa minibasi. Bokosi lopanda kanthu limadya malo pa basi yochokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, ndipo malo ndi ndalama. Njira yotsika mtengo yobweretsera bokosi ndiyo kuligula pamodzi ndi bezi, lizigwira ntchito kuyambira pa ulendo womwewo. Ngati mwatenganso zovala zogulitsa, tsekani nazo mipata yozungulira mutu wa bezi.

Ndipo siyani kupereka kachikwama kopyapyala ngati banyira musanamuuze wogula zoona zake. Muuzeni kuti n'ka fumbi, kenako muonetseni chabwinocho n'kumutsinitsa yekha. Munthu amene wangotulutsa ndalama yambiri pa bezi savuta kumvetsa. Mufunseni kuti ndi yake kapena ya mpingo. Bezi ya mpingo imagwiridwa ndi achinyamata osiyanasiyana, imapita ku misonkhano pa lole, ndipo pakati pa sabata imagona m'chipinda chimodzi ndi mabenchi ndi makasu. Imeneyo ili m'gulu la zobwereketsa, ndipo msungichuma wa mpingo mukamufotokozera bwino amavomera bokosi.

Khalani ndi tepi yoyezera pa kauntala, chifukwa katundu wobwezedwa ambiri amachokera pa kungoganizira. Chikwama cha gitala wamba sichikwana bezi, ngakhale wogula aumirire. Mabezi ena a nsambo zisanu ali ndi muyeso wa mainchesi 35 ndi mutu wautali. Afupiafupi a mainchesi 30, ngati Fender Mustang, amasambira m'bokosi wamba. A thupi lachilendo ngati Thunderbird amafuna bokosi lawolawo. Wogula wakutali atumize pa WhatsApp utali wonse wa chida ndi kutambalala kwa thupi pamene lakula kwambiri, musanalipire kanthu kwa wokuitanitsirani.

Bokosi logwiritsidwapo kale ntchito musalikane chifukwa cha kukalika kwa kunja. Yang'anani mahinji, zotsekera ndi chogwirira, chifukwa ndizo zimayamba kutha. Ikanimo bezi, tsekani, nyamulani ndi chogwirira pamwamba pa matiresi kapena katoni, muone ngati chivundikiro chikusiya mpata. Chotsekera chimodzi chikakhala chofooka, tsitsani mtengo ndipo mugule lamba womangira katundu wozunguliza pakati. Pomaliza lowetsani mphuno m'kati. Fungo la chuku silichoka msanga m'nsalu ndi m'siponji, ndipo limasamukira pa lamba ndi pa chida chimene mukufuna kukagulitsa.