Mukufuna Ndani Kuno?

Mlonda wa pachipata adaweramira pawindo la galimoto, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi, ine, mayi a kunyumba ndi ana athu awiri, kenaka adafunsa kuti, "Mukufuna ndani kuno?" Apo n'kuti titanyamuka ku Lilongwe m'mamawa, titatsetsereka mapiri a ku Golomoti mtima uli m'mwamba, ndipo titafika kugombe la ku Mangochi dzuwa litapendeka. Chipinda ndidali nditalipiriratu sabata ziwiri m'mbuyomo. Tili chidikirire kuti akatsimikize kaye dzina langa m'buku, kumbuyo kwathu kudaima galimoto ina momwe mudali azungu atatu. Mlonda uja adatiuza kuti tipatuke pang'ono, adakankha chipata mothamanga, n'kupereka sawatcha. Iwo sadafunsidwe kuti akufuna ndani.

Mwana wanga wamkulu, yemwe nthawiyo adali mu Sitandade 7, adandifunsa kuti, "Adadi, kodi amene aja ndi eni ake a pano?" Ndidangoti kukamwa yasa. Mpaka lero yankho labwino la funso limene lija ndilibe.

Malowo sindiwatchula dzina chifukwa si okhawo odwala nthendayi. Ndagwira ntchito m'boma zaka zoposa 15, ndipo ntchito yandigoneka m'malo ogona alendo ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi, Salima mpaka ku Nkhata Bay. Alipo ena omwe amalandira munthu ngati munthu, ndipo kumeneko ndimabwererako mokondwa. Koma ochuluka ndithu ali ndi miyeso iwiri, wa mlendo wa khungu loyera ndi wa mlendo wa khungu ngati langali.

Madzulo a tsiku lomwe lija tidaitanitsa chambo ndi nsima. Ola lathunthu lidadutsa. Anzathu a pachipata aja adabwera kudzakhala tebulo loyandikana nalo, adaitanitsa, adadya, adatsuka m'kamwa ndi khofi, ife tikadali kumeza malovu. Mnyamata woperekera zakudya adapita kwa iwo kanayi konse kukafunsa ngati zonse zili bwino. Chathu chitabwera, pambale padagona kasawala wouma ngati chikuni, koma pabilu padalembedwa chambo. Nditafunsa, adandiyankha osandiyang'ana n'komwe kuti, "Ndi chimene chilipo, bwana." Kuchipinda mpopi udangotsokomola mpweya, chonsecho nyanja ikuwomba mafunde pamtunda wosakwana kuponya mwala. Neti idali ndi chibowo choti nkhonya n'kulowa, ku Mangochi, kumene udzudzu suchita kuitanidwa.

Pali ena amene amati izi ndi zazing'ono, munthu wamkulu sayenera kutaya nazo nthawi. Ine ndikuti ayi. Dziko lino limadzigulitsa kunja ndi mawu akuti Warm Heart of Africa, kutanthauza kuti chuma chathu chachikulu ndi nsangala. Zoonadi tili ndi nyanja yokongola. Ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo n'chifukwa chake Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, idalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Koma mchenga woyera ndi madzi ofunda ziliko ku Zanzibar, ziliko ku Mauritius, ziliko ku Mozambique, ndipo kwinako ndege zimafika mosavuta kuposa kuno. Chimene tidauza dziko kuti tili nacho ife ndi khalidwe. Nanga khalidwe lomwe limayamba laona kaye khungu lisanamwetulire, tilitchule kuti chiyani? Kumudzi kwathu munthu wotere timati ndi wachiphamaso.

Mchitidwewu uli ndi kumene udachokera. Malo oyambirira opumulirako kunyanja sadamangidwire ife. Mu 1949 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, pa ulendo wa pakati pa Britain ndi South Africa, zidayamba kuima pa Cape Maclear, pomwe padali hotela yolandira anthu otere. Ngakhale dzina la malowo lidachokera kwa David Livingstone, yemwe adawatcha polemekeza mnzake Thomas Maclear, pamene mudzi womwe uli pamenepo ndi wa Chembe. Masiku amenewo munthu wakuda ankalowa pahotela ngati khukhi, wochapa kapena wonyamula katundu. Ufulu tidalandira mu 1964, mbendera idasintha, koma zikuoneka kuti pachipata uthengawo sudafikebe. Mlonda uja pofunsa kuti tikufuna ndani, m'mutu mwake mudali moti munthu wooneka ngati iye sangabwere kudzagona. Wabwera kudzaona m'bale wake wa kukhitchini, apo ayi akufuna ganyu.

Komabe sindikufuna kuti mlandu wonse ugwere mlonda ndi woperekera zakudya, chifukwa amenewo ndi nthambi chabe. M'mawa mwake ndidacheza naye mnyamata uja mtima utatsika, ndipo adandimasukira. Adati amalembedwa ntchito nyengo ya alendo ikafika, ikatha amamuuza kuti adikire kunyumba. Sadapiteko kusukulu iliyonse ya ntchitoyi, ngakhale kuti Malawi Institute of Tourism idalipo ku Blantyre ndipo inkaphunzitsa zomwezi. Malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati. "Abambo, mzungu akamapita amasiya kangachepe, mwina dola," adatero. "Anthu akwathu amangosiya mafupa." Ndidaseka, koma mawuwo adandilasa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, dola imodzi m'thumba la mnyamata wotere idasanduka nkhani yaikulu. Mwini malo amene amalipira wantchito wake ndalama yosakwanira, n'kumusiya kuti azidalira chifundo cha alendo, ndiye amene waika mtengo pa kumwetulira. Asadabwe wantchitoyo akamakagulitsa kumene kuli msika wabwino.

Tsono eni malowa ndiwafunse: kodi amene amakudyetsani chaka chonse ndani? Alendo akunja amabwera nyengo yawo, makamaka miyezi yopanda mvula, kenaka amapita. Mlendo ndi mame. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, mwezi ndi mwezi, zipinda zanu zimadzaza ndi ife a m'boma ndi a m'mabungwe, obwera kumisonkhano ndi kumaphunziro. Ndikudziwa kuti misonkhano ya kunyanjayi ili ndi mbiri yake yoipa ya maalawansi, ndipo pena boma limailetsa pofuna kupulumutsa ndalama. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo inenso sindili woyera pamenepo. Koma ikaletsedwa, amayamba kulira ndi inu nomwe. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo a ndege kuyambira April mpaka kumayambiriro a September, mudatikumbuka mwadzidzidzi. Mitengo idatsika, mauthenga otiitana adadzaza pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo pachipata tidasanduka mabwana. Ndege zitayambanso kutera, tidabwerera pamalo pathu pakale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma inu mumathamangira wa pamphepo.

Chinanso chimene chimandiwawa ndi mipanda. Pali magombe ena kumene waya kapena khoma limatsika kuchokera kumsewu mpaka kulowa m'madzi, moti mayi wa m'mudzi yemwe agogo ake ankatunga ndi kuchapa pamalo omwewo ayenera kuzungulira mtunda wautali ndowa ili pamutu. Msodzi akakocheza bwato pafupi amathamangitsidwa ngati mbava, chonsecho chithunzi cha bwato lake lomwelo, dzuwa likulowa, ndi chimene chili pachikuto cha kabuku koitanira alendo. Mu 2024 nyanja idakwera kwambiri, n'kumiza mipanda, minda ya maluwa ndi zipinda zina m'magombe a Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Sindidakondwere ndi tsoka la anthu, poti ambiri adataya ntchito, koma ndidaona kuti madziwo sadafunse chilolezo kwa mlonda.

Ifenso alendo a konkuno tili ndi chitsotso chathu. Ndaonapo akuluakulu anzanga, a mataye awo, akuitana bambo wa imvi ndi likhweru kapena kuti "iwe", akukhadzula zala ngati akuitana galu. Ndaonapo ena akusiya chipinda ngati mwagona nkhumba, ena akuthawa bilu ya mowa. Wantchito amene wachitidwa zotere kakhumi amafika pomuopa aliyense wolankhula Chichewa. Izi ziyenera kutha. Koma mwano wa munthu wina dzulo si chifukwa choti mwana wanga adye mochedwa lero. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino, omwe tidawalandira mu 1994, limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu kapena khungu, ndipo silidapatule malo ogona alendo.

Nthambi ya boma yoona zokopa alendo imapereka ziphaso ndi kuyendera malowa. Oyenderawo amafika pagalimoto ya boma, atadziwitsiratu, ndipo amapeza matawulo atsopano ndi mpopi wotuluka madzi otentha. Bwanji tsiku lina asafike pakabaza, atavala patapata, n'kupempha chipinda m'Chichewa? Adzaona okha zimene nyenyezi zopachikidwa pakhoma zija sizinena. Ayambenso kufunsa kuti mwa antchito onse ndi angati ali ndi kalata ya ntchito, ndi angati adaphunzitsidwapo, ndiponso njira ya anthu a m'mudzi yopita kumadzi ili pati.

Tsiku lonyamuka ndidapempha kuonana ndi manijala. Adandipatsa buku la madandaulo, lomwe masamba ake adali atamatana ndi chinyezi, ndipo ndidalembamo tsamba lathunthu ndi nambala yanga ya foni pansi pake. Mnyamata uja ndidamusiyira kangachepe, mayi a kunyumba akundiyang'ana cham'mbali. Potuluka, mlonda yemwe uja adatiimitsa n'kutipempha kuti titsekule kubuti aone ngati sitidatenge thawulo.