Buku la mwana lisagone m'kabati

Abale anga a kuno kumapiri, amayi ndi abambo, agogo, alezi a kumkombaphala, ndi inu mafumu athu, ndabwera ndi nkhani yooneka yaing'ono. Ndi ya mabuku a zithunzi, aja a masamba ochepa, ojambulidwa kalulu, nkhuku ndi anapiye ake, kamtsikana kakutunga madzi, m'munsi mwake muli mawu atatu kapena anayi, mwinanso mulibe n'komwe. Kholo likaona buku lotere m'manja mwa mwana wa zaka zitatu limafunsa kuti, "Ameneyu ndi 'a' yemwe samudziwa, buku n'lachiyani? Adikire akayambe Sitandade 1." Funsoli silichokera mumtima woipa ayi. Limabwera chifukwa tidazolowera kuganiza kuti maphunziro amayamba tsiku lovala yunifolomu. Koma akulu sadaname pamene adati m'mera mpoyamba. Mwana akamakwanitsa zaka 6 zolembetsera sukulu, lilime lake limakhala litaumbika kale, makutu ake atazolowera kale kumvetsera kapena kusamvetsera, ndipo pepala amaliona ngati mnzake kapena ngati chinthu choopsa malinga ndi mmene tidamulerera.

Ena amati kuphunzitsa ndi zithunzi ndi nzeru yobwera ndi azungu. Amene akutero sadakwereko ku Chongoni. M'mapanga a Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, kwathu konkuno ku Dedza, muli zithunzi zimene bungwe la UNESCO lidazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006, ndipo malo ake onse ndi okwana 127. Zofiira zija amati adajambula Akafula, amene makolo athu adawapeza m'dziko muno. Zoyera adajambula Achewa, ndipo ofufuza amati zambiri mwa izo zinali za kuchinamwali, anamkungwi akulangiza atsikana. Za kumeneko sitiulula pabwalo, komanso si za makanda. Chimene ndikufuna tione n'chakuti amayi aja, osadziwa chilembo ngakhale chimodzi, ankadziwa kuti mawu ongolankhula amapita ndi mphepo, koma chinthu ukachiloza ndi chala n'kuchilongosola, chimakhazikika mumtima. Ku Ulaya, buku limene ambiri amati ndi loyamba la zithunzi lolembera ana, Orbis Pictus la John Amos Comenius, lidatuluka mu 1658, pamene zofiira za ku Chongoni zinali zitakalamba kale pathanthwe. Tisachite chilendo ndi chathu chomwe.

Komatu thanthwe silinkalangiza lokha. Pambali pake pankaima munthu wodziwa, wofunsa, woyankha. Buku la zithunzi nalonso limayamba kugwira ntchito pokhapokha wamkulu akakhala pansi pamkeka n'kumunyamula mwana pamiyendo. Mwana amaloza: "Ichi n'chiyani?" Inu mukuti ndi mbuzi. "Ikudya chiyani?" Mukumubwezera funso: "Iwe ukuona ngati ikudya chiyani? Nanga mwini munda akabwera atani?" Pamenepo mwana waphunzira mawu atsopano, waphunzira kuti nkhani ili ndi poyambira ndi pothera, kuti tsamba limatembenuzidwa mofatsa limodzilimodzi, kuti zimene zili papepala zikunena za zinthu zenizeni za kukhola ndi kudimba. Waphunziranso chinthu chovuta kwambiri kwa kamwana, ndicho kukhala phee n'kuika mtima pa chinthu chimodzi.

Izi si zongoganizira. Ku Khayelitsha, pafupi ndi Cape Town ku South Africa, ofufuza Zahir Vally, Lynne Murray ndi Peter Cooper pamodzi ndi anzawo adaphunzitsa amayi kuonera mabuku a zithunzi limodzi ndi ana awo a chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, kamodzi pa sabata kwa masabata 8. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa mu 2015, zidaonetsa kuti anawo ankadziwa mawu ambiri ndi kukhazikika mtima nthawi yaitali kuposa anzawo amene amayi awo anali asanaphunzitsidwe. Amayiwo anali a m'dera la anthu osauka, ndipo chimene ankaphunzira ndi kutsata diso la mwana, kuloza, kutchula dzina la chinthu ndi kufunsa.

Apa ndikulankhula ndi inu agogo, ndi inu amayi amene sukulu idakudutsani. Ndikudziwa kuti buku likalowa m'nyumba mumabwerera m'mbuyo n'kunena kuti, "Izi n'za ophunzira, adikire achimwene ake abwere kusukulu." Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Inu amene mumadziwa chifukwa chimene fisi amatsimphinira, inu amene mukati "Padangokhala" ana onse amayankha "Tili tonse" atasiya masewera, mungalephere bwanji kusimba nkhani ya chithunzi chimene chili pamaso panu? Mawu olembedwa m'munsimo asakuopseni. Simbani ndi anu, ikanimo nyimbo, sinthani mawu pofika pa njovu ndi pa kalulu monga mumachitira pamoto m'nyengo yozizira ya Juni. Mdzukulu wanu akadzafika pozindikira zilembo adzakhala atalikonda kale buku chifukwa cha inu.

Ntchitoyi imafuna kuleza mtima. Mwana adzakubweretserani buku lomwelo lero, mawa ndi mkuja, nkhani yomweyo, funso lomwelo, inu mutatopa ndi kukumba mbatatesi tsiku lonse. Musamukalipire. Kubwereza ndiko kuphunzira kwake, ndipo tsiku lina adzakudabwitsani pokutsogolerani kunena chimene chili patsamba lotsatira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Timakonda kuwauza ana kuti safunsa adadya phula, koma akafunsa kawiri katatu timati, "Iwe, usandisokose!" Mwana wotsekedwa pakamwa ali ndi zaka zinayi sadzakweza dzanja m'kalasi ali ndi zaka khumi. Abambo, nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. Mphindi zochepa musanapite kubawo sizingakusaukitseni, ndipo mwana wamwamuna akaona bambo wake atagwira buku amadziwa kuti si chinthu cha akazi ndi aphunzitsi okha.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa mtima. M'sukulu zambiri za mkombaphala mabuku ndi osowa, zimenezo tonse tikudziwa. Koma palinso kwina kumene mabuku adafika, abwino ndithu, ndipo ali m'kabati kapena m'bokosi lokhoma, kiyi ali ndi wapampando wa komiti. Amatuluka tsiku lobwera alendo, alendo akachoka amabwerera momwemo. Alezi sindikuwaimba mlandu. Ambiri mwa iwo amagwira ntchito mongodzipereka, amasiya minda yawo kukalera ana a eni, ndipo amaopa kuti buku likang'ambika adzafunsidwa ndi iwo. Mlandu uli pa ife amene timawerenga mabuku ndi chala ngati mbuzi m'khola, osafunsa ngati ana adawagwirako. Walira mvula walira matope. Ngati tikufuna ana okonda kuwerenga, tivomere masamba opindika, zala za phala pachikuto, ngodya yolumidwa ndi kamwana kongomera mano. Buku loyera mbee patatha zaka zitatu ndi umboni wotitsutsa, ndipo chiswe ndi chinyezi cha kuno ku Dedza sizidikira kuti komiti ikhale pansi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Nanga m'mabukumo mukhale zithunzi zanji? Ambiri amene timalandira amachokera kunja, ndipo tithokoze, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwana aone sitima yapamadzi, aone chipululu, aone ana a khungu lina. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma ngati mabuku ake onse ali m'Chingerezi, onse akuonetsa nyumba zosanja ndi zakudya zimene sadazilawepo, kamwanako kamatola phunziro limene palibe adafuna kukaphunzitsa, lakuti za m'mabuku ndi za anthu ena, za kwawo n'zosayenera kulembedwa. Timasangalala mwana akamaloweza masiku a sabata m'Chingerezi ngati nyimbo, alendo n'kuomba m'manja, koma mukamufunsa kuti lero ndi lachingati amangoti kakasi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chingerezi adzachiphunzira, ndipo adzachigwira bwino akayamba wakhuta mawu a chilankhulo chimene amalotera.

Taganizani izi. Mu 1990, ku America kudatuluka buku la zithunzi lotchedwa Galimoto, lolemba Karen Lynn Williams, zithunzi zake adajambula Catherine Stock. Ndi nkhani ya kamnyamata ka ku Malawi kofunafuna mawaya opangira galimoto yake. Ana a kutali adakula akuliwerenga. Kodi mwa ana athu a ku Linthipe, ku Lobi ndi ku Mayani, amene amapinda mawayawo ndi manja awo tsiku ndi tsiku, ndi angati adadziona okha patsamba lotere? Ndipo William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ija ya 2001 ndi 2002, adapeza m'kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chinkamuvuta, koma adatsata zithunzi mpaka adamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14. Mu 2012 nkhani yakeyo idasanduka buku la zithunzi la ana. Diso lodziwa kufunsa chithunzi ndi chuma, ndipo limayamba kutseguka mwana akadali pamiyendo pa amake.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti Dedza si dera losowa manja aluso. Ku Dedza Pottery, kumene adayamba ntchito mu 1987, kuli anthu ojambula nyama ndi midzi pa makapu ndi mbale zimene alendo amapita nazo kutali. Ku Mua, pa Kungoni pamene Bambo Claude Boucher adakhazikitsa mu 1976, padatuluka osema ndi ojambula amene ntchito zawo zili m'matchalitchi a m'maiko ena. Pa mawu, boma lino lidabala E.J. Chadza, mlembi wa Ntchito za Pakamwa ndi Kokha Mcheperawakalulu. Tsono chikutiletsa n'chiyani kuti wojambula mmodzi, mphunzitsi mmodzi ndi gogo mmodzi wodziwa nthano akhale pamodzi n'kutulutsa kabuku ka masamba khumi ndi awiri? Mukhale nkhungu ikutsika m'phiri la Dedza, ngolo yodzaza mbatatesi ikupita kumsika wa Chimbiya, mapichesi a ku Bembeke, asodzi a ku Mtakataka, Angoni a kwa Kachindamoto akuvina ngoma. Mutu umodzi susenza denga.

Anzathu adationetsa kale njira. Ku South Africa, bungwe la Book Dash lidayamba mu 2014 ndi cholinga choti mwana aliyense akhale ndi mabuku 100 akamakwanitsa zaka 5. Olemba ndi ojambula amadzipereka, buku n'kutha tsiku limodzi. African Storybook, ya bungwe la Saide, ili ndi timabuku taulere pa intaneti m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chili momwemo, ndipo aliyense ndi wololedwa kusindikiza. Kuno kwathu National Library Service idatulutsa mabuku a ana otchedwa Werengani. Mwana wanu wa kusekondale amene ali ndi foni angathe kupeza kabuku kamodzi, gulu la banki mkhonde n'kusonkha ndalama yosindikizira paboma. Kumene izi sizingatheke, katoni ya sopo, singano ndi ulusi, makala ndi katondo n'zokwanira kupangira buku loyamba. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Foni ndaitchula ngati chida cha wamkulu. Kumupatsa mwana kuti atonthole ndi makatuni ndi nkhani ina: zithunzi zake zimathamanga, sizidikira funso, ndipo palibe womuyankha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Tikanyozera, mtengo wake tidzaulipira tonse. Ku Sitandade 1 mphunzitsi mmodzi amakumana ndi ana ochuluka, nthawi zina oposa 100, ndipo sangathe kunyamula aliyense pamiyendo. Boma lidayambitsa ndondomeko yolimbikitsa kuwerenga ya National Reading Programme mu 2016, koma mwana amene sadagwirepo buku amayambira kumbuyo kwa anzake. Akabwereza kalasi kawiri amagwa ulesi, kenako timamupeza akudikira maganyu pamsika, kapena mtsikana walowa m'banja msanga. Pamenepo timayamba kuloza aphunzitsi chala. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu, koma apa mtengo wake tidaubzala ndife.

Choncho mafumu athu, pamsonkhano ukubwerawu funsani komiti ya mkombaphala kuti mabuku alipo angati ndipo ali kuti. Gwirizanani kuti akhale pamkeka, pamene kamwana kangafikire kokha, m'mawa uliwonse phala lisanapse. Lachisanu mwana atenge limodzi kupita nalo kunyumba, dzina lake lilembedwe m'kope, Lolemba abweze. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye nyumba imene mulibe womuonetsa, mnansi amuitane akhale pamodzi ndi ake. Tsamba likang'ambika mwana asamenyedwe, mlezi asadulidwe chindapusa. Komiti igule ulusi, bukulo lisokedwe, lipite kwa mwana wotsatira pamndandanda.