Galimoto itafera panjira, alimi a cranberry anapeza msika

M'mawa wa pa 25 Seputembala 2020, galimoto ya bambo Nathan Apodaca inafera panjira pamene ankapita kuntchito mumzinda wa Idaho Falls m'dziko la America. Bambowa ankagwira ntchito pamalo osungira mbatata ya kachewere, ndipo posafuna kuchedwa anatenga kathabwa ka timatayala kotchedwa skateboard nayamba kutsetsereka nako mumsewu. Dzanja lina linali ndi foni yodzijambulira, lina botolo la chakumwa cha zipatso cha Ocean Spray. Anamwako pang'ono, kenaka nkumatsatira ndi milomo nyimbo ya gulu la Fleetwood Mac yotchedwa Dreams, yomwe inatuluka m'chaka cha 1977. Kanemayo, wosakwana ndi theka la mphindi lomwe, anamuika pa TikTok.

Pasanathe masiku ambiri, anthu mamiliyoni anali atamuonera, ndipo ambiri anayamba kujambula awo motengera bambowa. Ngakhale Mick Fleetwood, woimba ng'oma m'gulu lija, anatsegula tsamba lake pa TikTok kuti naye achite chimodzimodzi. Nyimboyo inabwerera pamndandanda wa nyimbo zotchuka wa Billboard patatha zaka 43, ndipo m'masitolo ena chakumwa chija chinatha psiti.

Chochititsa chidwi kwa mlimi nchakuti Ocean Spray ndi kopaletive. Inakhazikitsidwa m'chaka cha 1930 ndi alimi atatu a tizipatso tofiira towawasa totchedwa cranberry, ndipo eni ake ndi mabanja pafupifupi 700 a alimi a ku America, Canada ndi Chile. Alimiwa sanalipire ndi senti yomwe kuti kanemayo ajambulidwe. Anangomva kuti dzina lawo lili m'kamwa mwa aliyense, iwo ali kalikiliki kukolola, popeza zipatsozi zimacha nyengo yomweyo.

Kuti munthu amvetse mmene wogwira ntchito wamba anaposera akatswiri otsatsa malonda, ayenera kudziwa kayendedwe ka makanema otere. TikTok, monganso Instagram Reels ndi YouTube Shorts, siidalira kwenikweni kuchuluka kwa anthu otsatira mwini kanema. Kompyuta ya kampaniyo imayang'ana zimene oonera akuchita: kodi akuonera mpaka kumapeto, akubwereza, akutumizira anzawo? Akatero, kanemayo amaonetsedwa kwa anthu enanso ambiri. Akamulumpha m'masekondi oyambirira, amafera pomwepo. Tsono anthu ambiri akangonunkhiza kuti uyu ndi kanema wotsatsa malonda, chala chimathamangira kumulumpha. Kanema wa bambo Apodaca sankanunkha malonda. Anthu ankaona munthu wamtima pansi pakati pa mliri wa Covid-19, ndipo botolo lija linangopezekapo ngati mlendo.

Apa ndi pamene akuluakulu a kopaletiveyi anaonetsa nzeru. Sanathamangire kulemba ntchito akatswiri a kanema kuti apange wofanana naye wonyezimira bwino. Anayamba asiya anthu kuti asangalale okha. Kumayambiriro kwa Okutobala, mkulu wa kopaletiveyi, bambo Tom Hayes, anakwera nawonso kathabwa kaja, botolo lili m'manja, najambula kanema wawo ndi foni monga wina aliyense. Kopaletiveyi inapatsanso bambo Apodaca galimoto yatsopano ya mtundu wa Nissan, yofiira ngati cranberry, kumbuyo kwake atadzazako zakumwa. Mphatsoyo inali yogwirizana ndi vuto lenileni la munthuyo, lomwe aliyense woonera ankalidziwa, ndipo nkhani ya mphatsoyo inafalanso payokha m'manyuzipepala ndi pa wailesi za kanema. Wina akhoza kunena kuti galimoto imodzi ndi malipiro ochepa poyerekeza ndi phindu lomwe kopaletiveyi inapeza, ndipo sangalakwe kwenikweni. Komabe makampani ambiri akanangotenga kanemayo nkumupachika patsamba lawo popanda ndi zikomo yemwe.

Mfundo yaikulu pankhaniyi njakuti fashoni ya pa makanema afupiafupi siipangidwa mu ofesi. Imabadwa kwa anthu wamba, ndipo ntchito ya mwini malonda ndi kukhala tcheru, kuona ngati ikugwirizana ndi katundu wake, ndi kulowapo mwaulemu isanazizire. Zambiri mwa izi zimatha m'sabata zowerengeka. Kampani yomwe imafuna misonkhano itatu kuti ivomereze kanema mmodzi imafika gule atatha, anthu akusesa pabwalo.

Pali msampha wina umene mabungwe ambiri agwamo, ndiwo wa nyimbo. Anthu a m'chigawo chino akukumbukira bwino Jerusalema, nyimbo ya Master KG ndi Nomcebo Zikode a ku South Africa, yomwe inatuluka mu 2019. Inafala dziko lonse mu 2020 gulu la achinyamata a ku Angola litajambulidwa likuvina mbale zachakudya zili m'manja, mwakuti mpaka mtsogoleri wa dziko la South Africa, a Cyril Ramaphosa, analimbikitsa anthu kuti aivine pa tsiku lokumbukira chikhalidwe chawo. Apolisi, ozimitsa moto, zipatala ndi makampani m'maiko osiyanasiyana anavina nawo. Koma kumayambiriro kwa 2021, kampani ya Warner Music, yomwe ili ndi ulamuliro pa nyimboyi, inalembera makalata mabungwe ena a ku Germany yofuna ndalama za chilolezo, ndipo ena analipira. Munthu akamavina pongosangalala ndi nkhani ina. Bungwe likamavina mbendera kapena chizindikiro chake chili poonekera, ndiye kuti likudzitsatsa ndi thukuta la woimba. Nchifukwa chake TikTok ili ndi nkhokwe yapadera ya nyimbo zololedwa kugwiritsidwa ntchito pa malonda.

Chimodzimodzinso polipira munthu wotchuka kuti ayamikire katundu. Malamulo a ku America komanso a bungwe loyang'anira zotsatsa malonda ku South Africa amafuna kuti oonera auzidwe poyera kuti munthuyo walipidwa.

Kopaletive yaing'ono yogulitsa uchi, chiponde kapena mpunga singagulire munthu galimoto, koma zina mwa izi ingazichite. Ingasankhe wachinyamata mmodzi wodziwa foni nkumupatsa mphamvu zoyankha mwamsanga wogula akatchula katundu wawo, popanda kudikira msonkhano wa komiti. Ingajambule ntchito yeniyeni, monga kufula uchi, kukazinga mtedza kapena kupeta mpunga, chifukwa anthu a m'tauni amakonda kuona kumene chakudya chawo chimachokera, ndipo zotere sizifuna wochita sewero. Munthu aliyense wojambulidwa ayambe wavomera, makamaka makolo ngati pali ana. Ndipo kanemayo anene komwe katunduyo akupezeka. Nzomvetsa chisoni kuona kanema wokongola wa uchi amene sakutchula sitolo kapena njira yogulira.

Chovuta kwambiri, chomwe otsatsa malonda sakonda kuchitchula, ndi katundu weniweniyo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mu Disembala 2023, mayi wina wotchuka pa TikTok, Maria Vehera, anadzijambula akudya chokoleti chodzaza ndi phala la mtedza wa pistachio, chopangidwa ndi kampani yaing'ono ya FIX Dessert Chocolatier ya ku Dubai. Anthu ofuna chokoleticho anachuluka kuposa chomwe kampaniyo ikanatha kupanga, ndipo chinkagulitsidwa m'dziko lomwelo basi. Mpata umenewo anaulowa ndi makampani akuluakulu monga Lindt a ku Switzerland, omwe anapanga chawo chofanana nacho nkuchifikitsa m'masitolo a ku Ulaya, kumene anthu ankachita kuima pamzere.

Chiphokosocho chinafika mpaka kumunda. Pofika mu Epulo 2025, nyuzipepala ya Financial Times inalemba kuti mtengo wa pistachio wosenda unakwera kuchoka pa madola 7.65 kufika pafupifupi madola 10.30 pa paundi m'chaka chimodzi, ngakhale kuchepa kwa zokolola ku America kunathandizira. Amene anali kale ndi mtedzawu m'nkhokwe anapindula. Mlimi amene anaona mtengowo nkuganiza zobzala, mbande yake ya pistachio imafuna zaka 5 kufikira 7 kuti iyambe kubereka zooneka.