Tsitsi Lomwe Linadanitsa Mabanja Awiri

Mayi akamasinja n'kumaimba nyimbo yotchula nkhanza za apongozi ake, mudzi wonse umamva, koma palibe amene angamtengere kubwalo. Angerezi nawonso ali ndi luso lodzudzula munthu momuseka. Amachitira m'ndakatulo, ndipo ndakatulo zakezo zimakoma kukhutu kuposa papepala.

Katswiri wake anali Alexander Pope, wobadwa mu 1688 ku London. Pokhala Mkatolika, malamulo a nthawiyo sanamlole kulowa yunivesite, choncho zambiri anadziphunzitsa yekha. Matenda anamugwira msana akali mwana, nakula ali ndi linunda, wamfupi ngati mwana wa zaka khumi. Koma pakamwa pake ankapaopa ndi akuluakulu omwe.

Cha m'ma 1711 mnyamata wina wolemera, Lord Petre, anadula katsitsi ka namwali Arabella Fermor osapempha. Kanthu kochepa, koma mabanja awiri omwe anali paubwenzi anasiya kulankhulana. Mnzawo John Caryll anapempha Pope kuti alembe chinthu chowaseketsa mpaka ayanjane. Mu 1712 inatuluka ndakatulo ya The Rape of the Lock, ndipo Pope ataiwonjezera mu 1714, mabuku 3,000 anagulidwa m'masiku anayi.

Nzeru yake inali yotenga nkhani ya tsitsi n'kuiimba ngati nkhondo ya mafumu. Sizasi yasanduka chida choopsa. Masewera a makadi asanduka bwalo la nkhondo. Timizimu tam'mlengalenga tapatsidwa ntchito yolondera tsitsi la namwali, tina ndolo zake. Pomaliza katsitsi kaja kakwera kumwamba n'kukasanduka nyenyezi. Munthu amaseka, kenaka n'kukumbukira milandu ya nkhuku imodzi imene imathetsa chibale. Ukwati wokha ndakatuloyi sinamange: Petre anakwatira mkazi wina mu 1712, namwalira ndi nthomba mu 1713.

Kuseka anthu amphamvu kunali ndi mtengo wake. Mu 1679 mlakatuli John Dryden anamenyedwa ndi zigawenga usiku m'kanjira ka Rose Alley ku London, pomuganizira kuti ndiye analemba ndakatulo yonyoza anthu otchuka. Pope nayenso, atatulutsa The Dunciad mu 1728 yonyogodola alembi anzake, akuti ankayenda ndi chigalu chake Bounce komanso mfuti m'thumba.

Nanga khutu likubwera pati? Pope ankalemba mizere iwiriiwiri yothera pa liwu lofanana, ndipo mbola amakonda kuibisa kumapeto kwa mzere wachiwiri. Wowerenga chamumtima amapitirira osalumidwa. Chinanso, Chingerezi chimatsindika mbali imodzi ya liwu n'kumeza zina, ndipo zimenezi pepala silionetsa. Mwana wasukulu amene akulimbana ndi chinenerochi apeze womuwerengera mokweza, kaya mphunzitsi kaya mawu ojambulidwa, amve kaye kugunda kwake ngati kwa ng'oma, tanthauzo alifunefune pambuyo. Mawu ena ndi achikale moti eni ake omwe amafuna mtanthauziramawu.

Mu 1798 William Wordsworth ndi Samuel Taylor Coleridge anatulutsa buku la Lyrical Ballads, atatopa ndi chilankhulo chokometsera cha alakatuli akale. Gulu lawoli limatchedwa la Romantic, dzina lomwe limasokoneza ambiri poyesa kuti ndi ndakatulo zofunsirira mbeta. Ayi ndithu. Wordsworth ankalemba za abusa a nkhosa, nkhalamba zosauka, mapiri ndi nyanja za kwawo ku Lake District, m'mawu oti munthu wamba amve. Pope amaseka munthu. Wordsworth amakhala naye pansi n'kumumvera chisoni, ngakhale nthawi zina amatalikitsa mpaka womvera kusinza.

Iyeyu ndakatulo zambiri sankaziyambira patebulo. Ankazipeka akuyenda panja, akubwerezabwereza mokweza, moti alimi oyandikana naye ankadabwa kuona munthu akudzilankhulira yekha mumsewu. Akafika kunyumba, kawirikawiri mlongo wake Dorothy kapena mkazi wake Mary ndiwo ankagwira cholembera, iye akulakatula.